Za Ng'ombe Yoturuka Cibaliro Itaswa

Atate ndi amai a m'midzi yozinga Blantyre ndi Limbe, mwezi uno tifuna kukamba nanu za ngozi yina ya m'khola, imene imadza kamodzikamodzi, koma ikadza ikhoza kucotsa cuma ca banja lonse usiku umodzi. Ngoziyo ndiyo kuturuka kwa cibaliro ca ng'ombe, cimene ena amati ciberekero, ng'ombeyo itangoswa mobvutika. Munthu woiona koyamba amagwidwa ndi mantha, nayesa kuti matumbo onse a ng'ombe ali panja, nathamangira mpeni. Koma ng'ombe yotere si yakufa ai. Zambiri zimacira, nizitenganso bere, ngati eni ace adziwa cocita ndi cosacita pa maora aja akudikira dotolo wa ziweto.

Ng'ombe ya makolo, ija ya linunda, iri ndi thupi laling'ono, niswanso thole laling'ono, kawirikawiri yokha ndithu popanda munthu kuigwira. Koma kuyambira 1969, pamene nyumba yokonzera mkaka inamangidwa m'Blantyre, alimi ang'onoang'ono a dera lino anayamba kuweta ng'ombe za mkaka. Ndipo mu 1985 magulu ao anagwirizana m'bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association. Ng'ombe zimene mkaka wace umapita ku magulu a ku Bvumbwe, ku Mpemba ndi kwina, zambiri ziri ndi mwazi wa mtundu wa Friesian, zija za mawanga akuda ndi oyera. Mtundu umenewu ukamidwa mkaka wambiri, koma matole ace ndi akuru mutu ndi mapewa, ndipo msoti wosakula bwino ubvutika nao pakuswa. Tikumbukirenso kuti mabanja ambiri ali ndi ng'ombe imodzi yokha, yina yolandira pa pangano lakuti thole loyamba lalikazi lidzapita ku banja lina. Ikafa ng'ombeyo, ndalama za sukulu zatha, ndowe ya kumunda yatha, ndiponso mnansi amene analikudikira msoti wace atsala manja okha.

Cibaliro ndico thumba limene thole likhalamo miyezi 9. Thole litaturuka, khomo la thumbalo likali lotseguka, ndipo thumba liyenera kukhwinyata msanga lokha. Likakhala lolefuka, ng'ombe nikhala ikali kukankha, nsonga yace ipindikira m'kati, monga licitira dzanja la malaya pamene munthu abvula mofulumira. Ng'ombe imva ngati kanthu katsala m'njira, niwonjeza kukankha, kufikira thumba lonse laturuka kunja, m'kati mwace muli poyera. Limalendewera kufikira pa mfundo za miyendo ya m'mbuyo, lofiira, lolemera, ndipo pa ilo pali zotupa zonga mbatata za kacewere, ngati 100 kucuruka kwace. Cherani khutu apa: zotupazo si nthenda, ndipo asazidule kapena kuzikanda munthu, ndipo pamene nsapo inagwirira, thole nililandira cakudya kwa mace. Ngozi iyi imagwa tsiku loyamba ng'ombe itaswa, makamaka pa maora oyamba.

Pali kuturuka kwina kumene anthu amakusokoneza ndi uku. Ng'ombe ya bere lalikuru, isanaswe, nthawi zina ionetsa pansi pa mcira kanthu kosalala, konga mpira, kamene kamabwerera ikaimirira. Imeneyo ndi njira ya thole yokha, si cibaliro ai. Siipha msanga cotero, koma imabweranso bere liri lonse, niyenda m'mtundu. Cifukwa cace msoti wa ng'ombe yotere suyenera kusungidwa. Kuturuka kwa cibaliro ceniceni sikuyenda m'mtundu, ndipo si kawirikawiri kuigwera ng'ombe yomweyo kaciwiri.

Nanga cimalefula cibaliro nciani? Tinene poyera: nthawi zambiri ndi manja athu. Ng'ombe ikangoonetsa ziboda za thole, amuna a pamudzi amasonkhana, asanu kapena asanu ndi mmodzi, namanga cingwe, nakoka monga azula citsa m'munda. Ndipo yense afuna kuti anzace aone mphamvu zace. Thole liturukadi, koma lituruka mwadzidzidzi, cibaliro nicitsata pambuyo pace. Ng'ombe iyenera kupatsidwa nthawi. Madzi atasweka, ngati ziboda ziwiri za kutsogolo ndi mphuno zirikudza pang'onopang'ono, ilekeni igwire nchito yace. Pakapita maora 2 popanda kusuntha, kapena mwaona ciboda cimodzi cokha, kapena mcira, itanani wodziwa. Kukoka kukafunika, akoke anthu awiri okha, ndi manja, pa nthawi imene ng'ombe ikankha. Ikapuma, iwonso apume. Thole litagwa, idzutseni ng'ombe msanga kuti iimirire, nimuike thole ku mawere, pakuti kuyamwa kuthandiza cibaliro kukhwinyata. Ndipo nsapo ikacedwa kugwa, musaikoke, musamangirire mwala kapena njerwa kwa iyo monga ena amacita; kulemera komweko kukhoza kukoka cibaliro.

Cina ndico kucepa kwa kalisiamu m'mwazi, ndiwo mcere umene umanga mafupa, umene minofu iufuna kuti ikhwinyate. Ng'ombe yacikulire ya mkaka wambiri, yoswa kacitatu kapena kupambana, imataya mcere umenewu wambiri mu mkaka woyamba. Idzandira, makutu ace nazizira, nigona pansi khosi litapindikira ku nthiti. Cibaliro ca ng'ombe yotere ciri ngati nsaru yonyowa. Ndipo cina ciri ca kwathu kuno kwenikweni. Dziko lathu ndi la mapiri, ndipo makola a ku Bangwe, ku Soche ndi ku Ndirande amamangidwa pa matsetse. Omanga napendeketsanso pansi dala kuti mkodzo uzitsika. Ici ncabwino masiku onse, koma tsiku la kuswa ng'ombe ikagona mutu kumtunda, mbuyo kumunsi, zonse za m'mimba zilemerera ku khomo lotseguka lija. Konzeranitu malo osalala, oyala udzu wouma, masiku a kuswa asanafike.

Tsono ngozi yagwa, cibaliro ciri panja. Mmodzi agwire lamya nthawi yomweyo, cinkana pakati pa usiku, naitane dotolo kapena mlangizi wa ziweto. Nambala yace iyenera kukhala yolembedwa kale pa khoma. A gulu la mkaka aidziwa, afunseni ng'ombe ikali ndi bere. Muuzeni ora limene ng'ombe inaswa, ndi ngati iri ciriri kapena yagona, kuti atenge mankhwala oyenera pa njinga yace yamoto.

Ng'ombeyo musaiyendetse, musaithamangitse, musaikweze pa ngolo kapena pa galimoto kuti mupite nayo kwa dotolo. Dotolo ndiye adze kwa iyo. Cifukwa cace ndi ici: cibaliro cimadyetsedwa ndi mitsempha yaikuru ya mwazi, imene pa nthawi ya bere ikula ngati cala ca munthu. Cibaliro ciri panja, mitsemphayo yakokeka kale ngati cingwe ca uta. Thumba lolemera lija likagwedezeka uku ndi uko, umodzi ukhoza kuduka m'kati, ng'ombe nifa msanga, nkhama zitayera, popanda inu kuona dontho la mwazi pansi. Cotsani ana ndi anthu a phokoso. Ingitsani agaru, nkhumba ndi nkhuku, pakuti pfungo la mwazi liziitana. Cotsaninso ng'ombe zina zingaponde, ndipo thole muliike kutsogolo kwa mace, aziliona, mtima wace ukhale pansi.

Wogwira cibaliro asambe ndi sopo kufikira m'mapewa, nawenge zikhadabo, nabvale majumbo oyera m'manja. Mai woyembekezera asagwireko, pakuti pali nthenda yotayitsa bere, imene madotolo amaicha brucellosis, yocokera ku ng'ombe kudza kwa anthu. Wiritsani madzi, muwaleke afunde, muthiremo mcere kasupuni kamodzi ndi theka pa lita iri yonse, nimutsuke nao ndowe ndi zinyalala mwa kutsanulira, osapukuta ai. Nsapo ikakhala ikali yogwira zolimba, isiyeni. Pamenepo kulungani cibaliro conse m'citenje coyera conyowa ndi madzi omwewo, nimucinyowetsenso cikayamba kuuma. Ng'ombe ikakhala ciriri, anthu awiri anyamule citenjeco, wina uku wina uku, cibaliro cikhale pa msinkhu wa mcira, cisalendewere. Inde nchito imeneyi ndi yolemetsa mikono, makamaka dotolo akacedwa, landizanani. Ikakhala yagona, yalani pepala lapulasitiki kapena matumba oyera pansi pa cibaliro, nimuicirikize ng'ombe ndi matumba a udzu kuti igonere pacifuwa, pakuti yogonera cammbali itupa mimba. Pa miyezi ya June ndi July, pamene ciperoni cigwa pa mapiri athu, ifundikeni msana ndi ziguduli kapena bulangeti, cifukwa thupi litaya kutentha kwambiri pa cibaliro cokhala pamphepo.

Sungani shuga, kilo imodzi kapena ziwiri. Tidziwa kuti ena adzaseka, ena nadandaula mtengo wace. Koma shuga wowazidwa pa cibaliro cotupa amakoka madzi a m'minofu, cibaliro nicicepa, nicilowa mosabvuta, ndipo madotolo a maiko ambiri amacita comweco. Muwaze dotolo akakuuzani, iye ali pafupi kufika. Koma phulusa, palafini, mankhwala a dibi, mcere wouma, ndi masamba otibula, zonsezi zisayandikire. Zimaocha mnofu umene uyenera kudzasunganso thole.

Pa nthawi imeneyi sadzalephera kufika munthu wakuti, Gulitsani msanga isanafe, tipulumutse nyama. Mtengo umene adzachula udzakhala wa cisoni, pakuti adziwa kuti mulibe mtima wokangana. Ng'ombe ikakhala ikali ndi maso amoyo, nkhama zace ziri zofiira, cibaliro cosang'ambika, dikirani mau a dotolo. Iye akaona kuti cang'ambika koopsa kapena cabvunda, adzanena yekha ngati ncofunika kucidula kapena kuipha ng'ombe, ndipo adzanenanso ngati nyama yace idyeka.

Tifotokoze pang'ono nchito ya dotolo, kuti mudziwe kumthandiza, ndi kuti muone cifukwa cace sitikuuzani kuti mukankhe nokha. Iye ayamba ndi jekeseni pa tsinde la mcira, imene icititsa dzanzi mbuyo yonse, ng'ombe nileka kukankha. Popanda jekeseniyo munthu alimbana ndi mphamvu zonse za ng'ombe, ndipo cimene walowetsa cituruka pomwepo. Ng'ombe yogona aigoneka pacifuwa, miyendo yonse iwiri ya m'mbuyo itakokedwera kumbuyo ngati ya cule. Apa amuna aja okonda kukoka apeze nchito yao. Athandizi akweza cibaliro pa nsaru kapena pa thabwa losalala, iye nayamba kulowetsa mbali ya pafupi ndi khomo, pang'onopang'ono, ndi zikhato kapena nkhonya, pakuti mnofu wotupa ubooka ndi nsonga ya cala monga papaya lakupsa. Cikalowa conse nchito siinathe. Alowetsa mkono wonse, nthawi zina ndi botolo losalala, kapena athira madzi ofunda m'kati, kuti nsonga ija inayamba kupindika iwongoke kwathunthu. Ikatsala yopindika, ng'ombe idzakankhanso, cibaliro niciturukanso. Pambuyo pace abaya oxytocin wokhwinyatitsa cibaliro, ndi kalisiamu ngati afunika, ndi mankhwala opha tizirombo. Madotolo ena asoka khomo ndi ulusi wokhuthala, nasiya mpata wa mkodzo. Funsani tsiku locotsa ulusiwo, nimulisunge.

Kukakhala kuti mvula yatseka njira, kapena dotolo ali kutari kosafikika tsiku lomwelo, musakhale cete kufikira mawa, pakuti ora liri lonse cibaliro cionjeza kutupa, khomo nilicepa. Mpempheni alankhule pa lamya ndi munthu wozolowera ng'ombe wa m'gulu lanu, namtsogolere pa ciri conse.

M'cipwirikiti conseci thole limaiwalika. Liyenera kumwa mkaka woyamba uja wacikasu pa maora 6 oyamba, pakuti ndiwo ulichinjiriza ku nthenda. Mace akalephera kuimirira, mkameni ali cigonere, nimulimwetse. Mkaka wa ng'ombe yobayidwa mankhwala opha tizirombo usapite ku gulu kapena m'kapu ya ana kufikira atatha masiku amene dotolo wanena. Ipatseni ng'ombe madzi ambiri, nsenjere yanthete ndi madeya pang'ono, nimuipenyetsetse sabata yonse: ikadya ndi kubzikula, iri bwino, ikaleka kudya, thupi nilitentha, kapena kumbuyo kukaturuka zonunkha, itananinso dotolo. Musafulumire kuipatsa nkhunzi. Papite miyezi 3, dotolo ayambe waiyesa m'kati. Ndipo pakudza wopereka mbeu ya nkhunzi, muuzeni zimene zinacitika, nimupemphe mbeu ya nkhunzi yobala matole ang'ono, makamaka ngati ng'ombe yanu iri yocepa m'cuuno.