Ndalama za Mlandu Zipite pa Bala

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja

Madzulo ano ndifuna kukamba za mlandu wina waukulu wa kutsidya kwa nyanja. Ngakhale unacitikira kutali, m'kati mwace muli mau otikhudza ife.

Tiyambe ndi za kwathu. Ambiri a ife tinakulira ku mudzi, ndipo tidziwa mayendedwe a bwalo la amfumu. Ng'ombe za munthu zikalowa m'munda mwa mnzace ndi kudya cimanga, akulu aitana mwini ng'ombe namuuza kuti alipe. Tsono cimene walipaco cipita kuti? Cipita kwa mwini munda, kuti ana ace asagone ndi njala. Mfumu imene itenga mbuzi ya mlandu ndi kuphera alendo ace, mwini munda nabwerera cimanjamanja, anthu aiseka ndi kuinyoza. Nkhani yathu yonse ya lero yagona pa lamulo lakale limeneli.

MANKHWALA ACE NDI OTANI?

Kuli duwa lina lochedwa poppy, lolimidwa kwambiri ku maiko a ku Asia. Utomoni wocokera m'zipatso zace ndiwo opium, ndipo mu opium ndimo mucokera morphine, codeine ndi heroin. Alipo enanso, monga tramadol ndi fentanyl, amene apangidwa m'mafakitale koma agwira thupi mofanana ndi anzaowo. Onsewa ndi a mtundu umodzi.

Mankhwalawa ali ndi nchito yabwino. Munthu wothyoka mwendo pansi pa mgodi, kapena wodwala kansa ku Cancer Diseases Hospital muno mu Lusaka, apeza mpumulo cifukwa ca morphine, ndipo palibe wanzeru anganene kuti odwala otere amanidwe. Bvuto lace ndi ili: thupi lizolowera msanga. Muyeso umene unathetsa ululu mwezi watha, mwezi uno sukwanira. Munthu akayesa kuleka, atuluka thukuta, m'mimba mupota, atsegula m'mimba, mafupa aphwanya, tulo osabwera. Inu osuta fodya mudziwa cibaba; cibaba ca mankhwalawa ciposa ca fodya kutali. Ndipo munthu akapyola muyeso, kupuma kwace kucepa pang'ono pang'ono kufikira kuleka, namwalira ali m'tulo.

ZIMENE ZINAONEKA KU AMERICA

M'caka ca 1996 kampani ya Purdue Pharma, ya banja la Sackler, inayamba kugulitsa mapilitsi oletsa ululu ochedwa OxyContin ku United States. Anthu ace anayenda kwa madotolo nawauza kuti mapilitsi amenewa sagwira munthu ukapolo monga ena. Cinali cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Madotolo analembera odwala ambiri, ndipo makampani ena, poona phindu, anacita cimodzi modzi ndi mapilitsi ao.

Inu a ku migodi, mverani bwino apa. Pakati pa malo amene anayamba kulira panali madera a migodi ya malasha, ku West Virginia ndi ku Kentucky, kumene amuna ambiri anali ndi misana yopweteka ndi mabala a pa nchito. Munthu anapita ku cipatala ndi msana, nabwerako ndi ukapolo. Ku Kermit, kamudzi ka anthu pafupi 400 ku West Virginia, sitolo imodzi ya mankhwala inalandira mapilitsi a mtundu umenewu pafupi 9 miliyoni pa zaka ziwiri zokha. Pamene Boma linayamba kukhwimitsa malamulo, ambiri amene anali atagwidwa kale anathawira ku heroin wa m'misewu, ndipo pambuyo pace ku fentanyl, amene ali waukali koposa. Kucokera 1999 kufikira 2022, anthu oposa 700,000 anamwalira m'dzikomo cifukwa ca mankhwala a mtundu wa opium.

MLANDU NDI MALIPO ACE

Mu 2007 kampani ya Purdue inabvomera pa bwalo kuti inanamiza anthu za kuopsa kwa OxyContin, nilipa pafupi madola 600 miliyoni. Koma imfa sizinaleke. Cotero maboma a zigawo, makhonsolo a mizinda ndi mafuko a eni dziko anasumira makampaniwo milandu zikwi zingapo. Mau ao anali akuti: ife ndife tiri kulipira zipatala, maambulansi, ndende ndi kulera ana amasiye, pamene inu munatenga phindu.

Makampani ambiri sanafune kudikira ciweruzo, ndipo anasankha kupangana kunja kwa bwalo, osabvomera kuti analakwa. Cipangano cacikulu cinalengezedwa mu July 2021 ndi kutsirizidwa mu February 2022. Makampani atatu ogawa mankhwala, McKesson, Cardinal Health ndi AmerisourceBergen, anabvomera kulipa madola 21 biliyoni pa zaka 18, ndipo Johnson & Johnson madola 5 biliyoni pa zaka 9. Biliyoni imodzi ndiyo mamiliyoni 1,000. Kumapeto kwa 2022 masitolo akulu a mankhwala, CVS, Walgreens ndi Walmart, anapangananso zao. Mu 2025 Purdue ndi banja la Sackler anagwirizana ndi maboma a zigawo pa madola 7.4 biliyoni. Zonse pamodzi zipitirira madola 50 biliyoni.

Anthu a ku Copperbelt adziwako za mapangano otere. Mu 2019 bwalo lalikulu la ku Britain linalola anthu a m'midzi ya pafupi ndi Chingola kuzenga mlandu kampani ya Vedanta ku London pa nkhani ya kuipitsidwa kwa madzi, ndipo mu January 2021 mlanduwo unatha ndi cipangano cokhudza anthu oposa 2,500, kampani osabvomera kulakwa. Koma pali kusiyana. Ku Chingola odandaula anali anthu a m'midzi eni ace. Ku America gawo lalikulu la ndalama lipita m'manja mwa maboma ndi makhonsolo, kuti iwo acite nazo nchito zothandiza anthu onse. Apa ndipo pabwera funso lija la mbuzi ya mlandu.

PHUNZIRO LA FODYA

Anthu a ku America anali atapsya kale kamodzi. Mu 1998 makampani akulu a fodya anapangana ndi zigawo 46 kulipa madola 206 biliyoni pa zaka 25, cifukwa ca matenda obwera ndi kusuta. Koma cipanganoco sicinamange maboma pa za kagwiritsidwe ka ndalama. Cotero zambiri zinapita ku misewu, ku ngongole ndi ku kutseka mipata m'thumba la Boma. M'zaka zambiri, pa madola 100 ali onse ocokera ku cipanganoco ndi ku misonkho ya fodya, osafika ngakhale atatu ndiwo anapita ku nchito yoletsa kusuta. Mwini munda anabwerera cimanjamanja.

Cifukwa cace, polemba cipangano ca 2021, anaikamo lamulo lakuti pa madola 100 ali onse, osacepera 85 apite ku nchito yolimbana ndi mliri wa mankhwalawa. Ngakhale tero, atolankhani apeza makhonsolo ena atagula nazo magalimoto ndi zida za apolisi. Koma ena acita bwino. West Virginia inaika gawo lalikulu la ndalama zace m'thumba lapadera, loyang'aniridwa ndi bungwe lace lace. North Carolina iika poyera pa intaneti ndalama zimene khonsolo iri yonse yalandira ndi zimene yacita nazo, kuti munthu ali yense adzionere yekha.

KODI NDALAMA ZOTERE ZIGULA CIANI?

Coyamba ndi mankhwala ociritsira. Methadone ndi buprenorphine ndi a mtundu womwewo, koma akaperekedwa ndi dotolo pa muyeso woyenera aziziritsa cibaba osaledzeretsa munthu, kotero kuti akhoza kudzuka m'mawa, kupita ku nchito ndi kusamala banja lace. Ena anena kuti uku ndi kusinthanitsa ukapolo ndi ukapolo. Iai. Ofufuza a m'maiko ambiri aona kuti amene ali pa mankhwalawa samwalira kawiri kawiri monga amene angouzidwa kuti leka. Ndipo izi si za Azungu okha. Anansi athu a ku Tanzania anatsegula cipatala ca methadone pa Muhimbili, mu Dar es Salaam, m'caka ca 2011, ndipo a ku Kenya anatsata mu 2014.

Caciwiri ndi naloxone, mankhwala odzutsa munthu amene wapyola muyeso. Akapoperedwa m'mphuno kapena kubayidwa, kupuma kubwerera pa mphindi zowerengeka. Kucokera 2023 anthu a ku America aloledwa kugula naloxone wa m'mphuno popanda kalata ya dotolo. Mu 2024 imfa za mankhwala ozunguza bongo m'dzikomo, zimene zinali kupitirira 100,000 pa caka, zinatsika kufika pafupi 80,000, ndipo akulu a za umoyo achula kufala kwa naloxone pakati pa zifukwa zace.

Cacitatu ndi anthu ndi malo: anamwino ophunzitsidwa, alangizi, nyumba zogonamo amene ali kucira, ndi maphunziro a nchito za manja. Munthu wocira akabwerera ku kona komwe kuja, wopanda nchito, pakati pa anzace akale, agwanso.

NANGA KWATHU KUNO?

Ndalama za ku America nza anthu a ku America. Sizidzafika ku Kanyama. Koma caona mnzako capita, mawa ciona iwe. Palibe mai wa mu Lusaka amene sanamve dzina la Chibolya, kapena amene sanaone anyamata aja anthu a m'tauni awacha majanki, oimirira m'makona ndi pa masiteshoni a mabasi. Ena amwa mabotolo athunthu a mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine. Ena asuta heroin, amene m'makomboni achedwa volo. Kuti apeze ya mawa, agulitsa mbaula, ketulo ndi nsapato za sukulu za mng'ono wao. Nigeria inaletsa kupanga ndi kulowetsa mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine mu 2018. Ifenso tinaletsa tujilijili mu 2012, ndipo tinaona kuti kuletsa kucotsa paketi m'sitolo, koma sikucotsa cibaba m'thupi la munthu.

Dziko lathu liri ndi zida zina kale. Drug Enforcement Commission inakhazikitsidwa mu 1989, ndipo kuonjezera pa kugwira ogulitsa iri ndi alangizi othandiza ogwidwa ndi mankhwala. Cipatala ca Chainama Hills cilandira odwala otere. Lamulo la mankhwala ozunguza bongo la 1993 linalowedwa m'malo ndi la 2021, limene lichulanso za kuciritsa ndi kubwezera anthuwa ku moyo wabwino. Koma lamulo lolembedwa pa pepala siligula bedi, ndipo sililipira namwino.

Kodi ndalama za mlandu ziripo kwathu? Ziripo. Tiri ndi lamulo la 2010 lolola Boma kulanda cuma copezedwa mwa umbanda. Ndipo mukumbukira kuti mu 2021 ndalama zokwana K65 miliyoni zinapezeka m'nyumba ina muno mu Lusaka. Mwini wace anapangana ndi Anti-Corruption Commission kuzipereka ku Boma, ndipo mu 2022 Boma linazipereka ku Unduna wa Maphunziro kuti zithandize ophunzira oposa 2,000 a m'mayunivesite. Zimenezo sizinali za mlandu wa mankhwala, koma zinationetsa kuti ndalama zolandidwa zikhoza kupatulidwa, kupatsidwa nchito yace, anthu onse akuona. Ngati zinatheka pa maphunziro, nanga ndalama, nyumba ndi magalimoto olandidwa kwa ogulitsa heroin? Ine ndiganiza kuti cuma cimene cinadyedwa pa miyoyo ya ana a m'makomboni ciyenera kubwerera ku makomboni komweko monga cipatala.

Palinso khomo lina lapafupi. Mu 2022 ndalama za Constituency Development Fund zinakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu ali yense, ndipo zopempha ziyambira m'makomiti a citukuko a m'mawodi. Amene afuna cipinda ca uphungu pa kiliniki ya kwao, kapena malo ophunzitsira ukalipentala anyamata amene aleka mankhwala, akanene kumeneko.

MAFUNSO ANAI

Tsiku liri lonse mukamva kuti Boma kapena khonsolo yalandira ndalama za mlandu, funsani zinai izi. Kodi zaikidwa m'thumba lace lace, kapena zathiridwa mu mtsuko waukulu momwe sizidzadziwikanso? Kodi ciwerengero cace ciikidwa poyera caka ndi caka? Kodi pa bwalo logawa pakhala makolo ndi anthu amene anacira, kapena mabwana okha okha? Ndipo kodi zaonjezera pa ndalama zimene Boma linali kupereka kale, kapena zangolowa m'malo mwace? Kumbukiraninso kuti ndalama za mlandu zitha. Cotero nkwabwino kuzigwiritsa pa zinthu zokhalitsa, monga kuphunzitsa anamwino, kuti thumba likauma nchito isaime.

Ndipo kwa inu amai ndi abambo amene muli ndi mwana wotere m'nyumba, ndinena ici: musam'mange ndi unyolo, musam'bise cifukwa ca manyazi. Ameneyo ndi wodwala. Pitani naye ku kiliniki ya kwanu, ndipo a kumeneko adzakuuzani kotsatira. Inunso a ku migodi, dotolo akakulemberani mapilitsi aukali a msana, m'funseni kuti mumwe masiku angati ndi kuti muleke bwanji, ndipo otsala musapatse mnzanu.