Nyanja Zazikulu ndi Chilala cha ku Chilwa

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake. Imalandira madzi a Domasi, Likangala, Thondwe ndi mitsinje ina, koma dzuwa limamwa madziwo tsiku ndi tsiku. Pakuti nyanjayi si yakuya, mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu, madzi amathawa padoko la Kachulu. Idaphwa chaka cha 1968, ndiponso chaka cha 1995, pamene anthu adayenda pansi kunka kuchilumba cha Chisi. Kodi chimene chimaletsa mvula nchiyani?

Mpweya uli wa mitundu iwiri. Wofunda ndi wopepuka: umakwera kumwamba utanyamula nthunzi ya madzi, ndipo nthunziyo ikazizira imasanduka mitambo ya mvula. Koma ulipo wina wolemera ndi wouma, umene umatsika ndi kukanikiza pansi, monga chivindikiro pamphika. Pansi pa chivindikiro chotere mitambo siingathe kukula.

M'nyengo yachisanu, miyezi ya Juni ndi Julaye, mpweya wolemerawo umakhazikika pamaiko a kumwera kwa Africa. Ndiyo nthawi ya mphepo ya mwera, ndipo mvula yobzalira siigwa. Izi sizidabwitsa munthu. Pofika dzinja chivindikirocho chimachoka, tsono mphepo yachinyezi yochokera kunyanja yaikulu ya Indian ndi kunkhalango za ku Congo imadza ndi mvula.

Koma zaka zina sizitero, ndipo chiyambi chake chili kutali, kunyanja ya Pacific, imene iposa nyanja zonse kukula. Kumeneko, pafupi ndi dziko la Peru, madzi amakhala ozizira ndi odzala nsomba. Pakapita zaka zingapo madziwo amafunda, nsomba nizisowa. Asodzi a ku Peru adatcha nyengo imeneyi El Niño, ndiko kuti mwana wamwamuna, chifukwa imaoneka pafupi ndi Khirisimasi.

Pamwamba pa madzi ofundawo mpweya wambiri umakwera, ndipo mvula imavumba komweko. Tsono mpweya umene wakwera uyenera kutsika kwina, utauma kale. Njira za mphepo padziko lonse zimasokonezeka, ndipo kawirikawiri mpweya wolemera umakanirira kumwera kwa Africa ngakhale m'dzinja. Chimanga chimafota chisanabereke, mitsinje niiphwa. Zidachitika chotero m'Malawi zaka za 1992, 2016 ndi 2024.

Motero msodzi wa ku Kachulu ndi msodzi wa ku Peru amasauka pa chifukwa chimodzi, ngakhale sadziwana.

Masiku ano akatswiri a zanyengo amayesa kufunda kwa nyanja zazikulu, ndipo amatha kuchenjeza anthu dzinja lisanafike. Mlimi wanzeru akamva chenjezolo amabzala chinangwa, mapira ndi mbatata pamodzi ndi chimanga, ndipo safulumira kugulitsa za m'nkhokwe. Nayenso msodzi wanzeru sapha matemba ndi makumba otsala m'maiwe a Likangala ndi Domasi, pakuti nsomba zimenezo ndizo mbewu imene idzadzazanso Chilwa madzi akabwerera.