Msipu wa m'mapiri a Biriwiri ukufuna dongosolo

Ku Biriwiri m'boma la Ntcheu, komwe msewu wa M1 umatsata malire a Malawi ndi Mozambique, ng'ombe zimadalira msipu wa m'mapiri. Koma zikamadya malo amodzi chaka chonse, udzu suphukanso ndipo mvula imakumba zigwembe. Pofika Okutobala, moto wolusa umakhala utapsereza wotsalawo, ng'ombe nthiti zili pamtunda.

Mankhwala ake si kuchotsa ziweto ayi, pakuti ndowe zake zimabwezera chonde m'nthaka. Chofunika n'kugawa busa m'zigawo, china chizipuma pamene ziweto zikudya kwina.

Lamulo la zankhalango la 1997 limalola midzi kukhazikitsa makomiti osamalira zachilengedwe. Kudzera m'makomitiwa, anthu ongodzipereka angathe kulambula njira zotchinga moto udzu usanaumitsitse.

Alimi anzanga, kambiranani ndi mafumu anu mvula isanakate.