Odula mipanda ya ku Joni

Mukamayenda m'mawa m'misewu ya kumayadi ku Randburg kapena ku Bryanston, mumzinda wa Johannesburg, mumamva makina otchetchera kapinga akulira uku ndi uku. Perekani moni wa Chichewa kwa bambo wa ovolosi ya buluu amene wakwera pamakwerero m'mbali mwa mpanda. Nthawi zambiri amatembenuka n'kuyankha, ndipo lilime lake limaulula kwawo: ku Nkhata Bay, ku Mzimba kapena ku Mangochi. Mpanda umene akudulawo ndi wa mitengo yamasamba obiriwira chaka chonse, onyezimira ngati awadzoza mafuta. Dzina lake ndi viburnum. Mtundu wofala kumeneko m'manazale amaugulitsa pa dzina la Viburnum sinensis, ngakhale akatswiri a zomera amautchula Viburnum odoratissimum, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Asia, mayiko ngati China ndi Japan. Ndiye kuti mtengowo ndi wobwera, wousamalanso ndi wobwera.

Agogo awo a anthuwa ankapita ku Joni kukalowa pansi m'migodi. Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi, ndiye ankawatenga, mpaka mu 1974 pomwe ndege yake inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuletsa ulendowo. Bungwe la Theba linadzayambiranso kulemba anthu, koma mu 1988 nalonso linasiya. Adzukulu amapita okha, pa basi yodzera ku Mwanza, ku Tete, ku Nyamapanda mpaka ku Beitbridge, ndipo ambiri ntchito imene amafikira ndi ya pakhomo pa munthu: kuphika, kuyeretsa m'nyumba, kusamala panja. Kwathu timangoti "ndi gadeniboyi ku Joni," n'kuthera pomwepo, ngati kuti ntchitoyo ndi kusesa masamba basi. Dzinali limandinyansa, makamaka pomwe likunenedwa kwa bambo wa imvi amene wamanga nyumba ya malata ndi kuphunzitsa ana anayi ndi sizasi yodulira mpanda.

Taonani mmene wodziwa amachitira. Sayamba ndi kudula. Amakhoma zikhomo ziwiri, kuno ndi uko, n'kukoka chingwe pa msinkhu umene akufuna, ngati mmisiri womanga nyumba. Kenako amadula m'mbali kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo amasiya m'munsi motambalala pang'ono kuposa kumutu. Wosadziwa amaona ngati walakwitsa. Koma mpanda ukakula kumutu umatchinga dzuwa, nthambi za m'munsi zimayoyola masamba, pakapita zaka ziwiri mwatsala mitengo ya miyendo yambulanda, galu akudutsa pansi pake mosavuta. Akadula pang'ono amatsika, n'kupita patali, n'kutsinzina diso limodzi. Akabwerera amangochotsa kanthambi kamodzi.

Pali mkangano wa zida. Makina a petulo kapena a magetsi amafulumira, ndipo makampani osamala mayadi, aja amatsitsa anyamata asanu m'galimoto ya bakkie n'kuwatenganso pakatha ola limodzi, sangachitire mwina. Vuto ndi loti tsamba la viburnum ndi lalikulu. Makina amaling'amba pakati, chilondacho chimauma, ndipo patapita masiku ochepa mpanda wonse umaoneka ngati wawauka ndi moto. Wogwira pakhomo limodzi, amene ali ndi nthawi, amadutsa ndi makina kenako n'kubwereza ndi kasizasi ka m'manja, kuchotsa tsamba lililonse long'ambika. Ntchito ya tsiku lathunthu imeneyo, ndipo bwana akabwera madzulo amangoona kuti mpanda uli bwino, osadziwa chifukwa chake.

Kubzala nako kuli ndi mwambo wake. Dzenje limakhala lalikulu kuwirikiza kawiri thumba limene mbande yabweramo, dothi amalisakaniza ndi kompositi ndi ufa wa mafupa, ndipo mbande amazitalikitsa pafupifupi mita imodzi, kapena kucheperapo ngati akufuna mpanda wotseka msanga. Pamenepa ndi pomwe wantchito ndi bwana amasemphana. Bwana akufuna mtengo uthamange kuti a nyumba yoyandikana asamaone m'dziwe lake losambira. Wantchito akudziwa kuti mbande ikangogwira iyenera kudulidwa nsonga kuti iphuke nthambi zambiri m'munsi. Kudula nsonga ya mtengo umene munthu wangogula ndi ndalama zake kumafuna kulimba mtima, ndiponso Chingerezi chokwanira kufotokozera. Ena amangokhala chete, n'kuusiya utalike. Ukausiyiratu umapitirira mamita asanu n'kusanduka mtengo weniweni.

Nyengo ya ku Johannesburg imapusitsa wongofika kumene. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mu June ndi July kumagwa chisanu chowaula masamba anthete. Choncho sadula mpanda kwambiri nyengo yozizira ikayandikira, poopa kuti mphukira zatsopano zingapse. Mvula imayamba cha mu October, nthawi zina ndi matalala oboola masamba, ndipo kuyambira pamenepo mpaka March viburnum imakula ngati yalodzedwa: ukadula lero, pakatha milungu ingapo yatulutsanso nyanga. Maluwa ake, timaluwa toyera tonunkhira, amabwera cha mu September ndi October, koma pampanda wometedwa pafupipafupi simuwaona, chifukwa sizasi imadya nthambi zimene zikanachita maluwa. Mtundu wina, Viburnum tinus wa ku mayiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, umachita maluwa nthawi yozizira. Wodziwa amaudikira umalize kaye asanaukhudze. Amatembenuzanso masamba kuyang'ana kunsi, komwe kumabisala nsabwe za zomera ndi tizilombo tina timene timasandutsa tsamba kukhala lotuwa.

Ku Cape Town zinthu n'zosemphana, mvula imagwa nthawi yozizira. Amalawi okhala ku Imizamo Yethu ku Hout Bay ndi ku Masiphumelele amakumbukira chilala cha 2018, pomwe munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku ndipo kuthirira maluwa ndi madzi a kumpopi kunali mlandu. Mipanda imene inapulumuka inapulumukira madzi osambira ndi ochapira otungidwa m'ndowa, ndi kuphimbira tsinde ndi masamba ouma, monga timachitira ndi mapesi kumunda.

Za malipiro, lamulo lilipo. Kuyambira pa 1 January 2019 dziko la South Africa lili ndi malipiro ochepetsetsa okhazikitsidwa ndi boma, ndipo wosamala panja pa nyumba ya munthu amawerengedwa limodzi ndi antchito a m'nyumba. Poyamba iwowa ankapatsidwa R15 pa ola pomwe ena ankalandira R20, koma mu March 2022 anawalinganiza onse pa R23.19. Mu November 2020 khothi lalikulu loona za malamulo a dzikolo linagamulanso kuti wantchito wa pakhomo akavulala pantchito ayenera kulandira chipukuta misozi ngati wantchito wina aliyense. Koma lamulo limayendera mapepala. Munthu amene masiku ake pa pasipoti anatha kalekale sapita ku ofesi kukadandaula, ngakhale atagwa pamakwerero. Ambiri alibe bwana mmodzi: Lolemba kuno, Lachitatu uko, Loweruka kwina, ndipo tsiku la mvula yamphamvu ndi tsiku lopanda ndalama. Pa ndalama zotsalazo achotsepo ya takisi, ya lendi ya mkukhu, kachisakasa kogonamo, ku Diepsloot kapena ku Cosmo City, ndi imene akuyembekezera kumudzi pa Mukuru mwezi ukatha.

Chimene sindimvetsa ndi choti lusoli limathera pa Beitbridge. Munthu amene kwa zaka 15 wakhala akudula tinthambi ta masentimita 10 kapena 15, kutizika mumchenga pamthunzi mpaka titamera mizu, akabwera kumudzi amagula minibasi kapena kutsegula okala, za nazale osaziganizirako. Pomwe m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre mbande za maluwa zili m'machubu zikugulidwa tsiku ndi tsiku, ndipo nyumba za mipanda zikumangidwabe. Achimwene amene muli ku Joni, mukamalongedza katundu wobwera naye, sizasi ija musaisiye.