Kusaka Chichewa mkati mwa Emacs

Anzanga ku Area 25 amaseka akaona laputopu yanga. Pa sikirini pamangokhala zilembo zokhazokha, popanda chithunzi, ndiye amafunsa kuti, "Aise, yafa kapena?" Siinafe ayi. Ndimakhala ndili mu Emacs, pulogalamu yolembera yomwe inayambira ku MIT mu 1976. Mtundu umene ambiri timagwiritsa ntchito lero, GNU Emacs ya Richard Stallman, unatuluka mu 1985.

Chosiyana ndi mapulogalamu ena olembera n'chakuti iyi umatha kuiphunzitsa ntchito zatsopano kudzera m'chilankhulo chake cha pakompyuta, Emacs Lisp. Ndiye anthu anaiphunzitsadi zambiri. Muli Gnus yowerengera maimelo ndi nkhani, komanso EWW yotsegulira masamba a pa intaneti, yomwe inabwera ndi Emacs 24.4 mu 2014.

Nanga zikutikhudza bwanji ife ophunzira chilankhulo? Chilichonse chimene watsegula mmenemo, kaya ndi imelo, kaya nkhani ya m'nyuzipepala, chimakhala malemba wamba omwe ungawasake ndi kuwawerengetsa pompo. Ine ndikufufuza kusiyana kwa kalembedwe: wina amalemba m'nyumba, wina mnyumba, wina ku Lilongwe, wina kuLilongwe. Ndimatsegula nkhani ya Chichewa pa tsamba la The Nation mu EWW, n'kulamula occur, ndipo mizere yonse yomwe ili ndi mawu amene ndikufuna imaima pamndandanda umodzi, nambala yake pamwamba. Basi, n'kukopera ku faelo yanga osatuluka mu pulogalamu.

Koma samalani, ine zinandigwetsapo. Tsiku lina ndinasaka mawu onse okhala ndi ng', monga ng'ombe ndi ng'oma, ndipo anatuluka ochepa modabwitsa. Ndinatsala pang'ono kulembera aphunzitsi anga kuti olemba ayamba kutaya kachizindikiro kaja. Chonsecho kalipo, koma kali mitundu iwiri. Kowongoka (U+0027) n'kamene kiyibodi imapereka, pomwe kopindika (U+2019) n'kamene Word imakuikira yokha osakufunsa. Diso limaona chimodzimodzi, kompyuta imaona zilembo ziwiri zosiyana. Pano ndimasaka ng['’] kuti ndigwire zonse ziwiri, ndipo ndinalemba kalamulo kakang'ono kosintha kopindika kukhala kowongoka ndisanayambe kuwerengetsa chilichonse.

Chilembo cha ŵ, chimene chili mu Malaŵi, sichivuta. Dinani C-x 8 RET, lembani 175, chatuluka. Ine ndinachipatsa batani lakelake, moti ngakhale mu imelo ndimalemba ŵ osakasaka kwina. Chiwelishi cha ku Wales nachonso chili ndi chilembo chomwechi.

Vuto lalikulu lili apa. EWW siyendetsa JavaScript. Kumbali ina n'zabwino, poti tsamba limabwera lopepuka ndipo bandulo imakhalitsa. Koma Facebook ndi WhatsApp siziyenda mmenemo, ndipo kumeneko n'kumene Chichewa cha mu minibasi ya Kawale ndi cha pamsika wa Mgona chimalembedwa, ndi ma "bho" ndi ma "shapu" ake omwe mkonzi wa nyuzipepala sangawalole. Ukangodalira EWW ukhala ukuphunzira Chichewa cha akonzi chokha.

Njira yanga n'kupempha anzanga a ku Chinsapo ndi Biwi kuti anditumizire macheza awo a pa WhatsApp ngati faelo ya .txt, onse a m'gulumo atavomera. Ikafika pa imelo ndimaitsegula mu Gnus, n'kuyamba ndafufuta mayina ndi manambala a foni.