Amuna Awiri Amene Anaonetsa Dziko Nkhope ya Wokumba Mgodi

Abale anga a pa mgodi, sabata ino ndifuna kukutengerani kutsidya kwa nyanja yamcere, ku maiko a South America kumene anthu amalankhula Cisipanishi ndi Cipwitikizi. Kumenekonso kuli migodi, ndipo kunabadwa amuna awiri amene anaonetsa anthu a kunja za moyo wa pansi, wina ndi colembera, wina ndi makina ojambulira zithunzi.

Woyamba ndiye Baldomero Lillo wa ku Chile. Anabadwa m'caka ca 1867 ku Lota, m'mbali mwa nyanja ya Pacific. Migodi ya ku Lota inali ya malasha, ndipo njira zace zinalowa pansi pa nyanja yeniyeniyo, kotero kuti munthu pokumba anali ndi thanthwe pamwamba pace ndi madzi pamwamba pa thanthwelo. Lillo anali wodwaladwala, ndipo sukulu sanaitsirize. Nchito anaipeza m'sitolo ya kampani. Masiku amenewo anchito ankalandira matikiti m'malo mwa ndalama, ndipo matikitiwo sanali kugula kanthu kwina konse koma m'sitolo momwemo. Tsono aliyense anayenera kufika pamaso pace, amuna otuluka pansi ndi akazi ao omwe. Ine ndine kalaliki monga iye, ndipo ndidziwa kuti wokhala pa tebulo amamva zambiri. Koma ambiri a ife timangolemba manambala. Uyu anasunga zimene anamva.

M'caka ca 1898 anapita ku Santiago, mzinda waukulu wa dzikolo, nayamba kulemba nkhani m'manyuzipepala. Mu 1904 anatulutsa buku lace, Sub terra, ndiko kunena kuti pansi pa nthaka.

M'bukumo muli nkhani ya mwana wa zaka 8, dzina lace Pablo. Atate wace anatsika naye mu mgodi kukamfunira nchito, pakuti pakhomo panali pakamwa pambiri ndipo wolandira malipiro anali mmodzi yekha. Kapitao anaona kuti mwanayo ngwofooka, komabe anampatsa nchito yosunga citseko ca nambala 12, kutsegula ndi kutseka pamene akavalo okoka ngolo apita. Malo anapezeka cifukwa mwana amene anali pamenepo anapondedwa ndi ngolo dzulo lace. Pablo atazindikira kuti asiyidwa yekha mumdima, anakakamira miyendo ya atate wace. Pamenepo atateyo anatenga cingwe, namanga mwana wace m'cuuno, namangirira ku citsulo ca m'thanthwe, nathawa kuti asamve kulira kwace.

Nkhani imeneyi imandipweteka koposa zonse, cifukwa Lillo sanamsandutse atateyo munthu woipa. Wowerenga aona yekha kuti munthuyu akonda mwana wace, ndipo adziwa bwino cimene mgodi udzamcita, popeza unamcita kale iye mwini. Muli nkhani inanso ya kavalo wokalamba, Diamante, amene anamkweza kunja atagwira nchito pansi zaka 10, namtaya kuthengo kuti akafe. Amuna okalamba oima pamenepo sanasowe wowauza tanthauzo lace.

Lillo anamwalira mu 1923 ndi cifuwa cacikulu, nthenda imene ife sitifunsa kuti njotani. Migodi ya ku Lota inatsekedwa mu 1997. Masiku ano alendo amatsika mu umodzi wa migodiyo, Chiflón del Diablo, ndipo owatsogolera ndi amuna amene ankakumba momwemo kale.

Waciwiri ngwa masiku athu ano, Sebastião Salgado wa ku Brazil, kumene amalankhula Cipwitikizi monga abale athu a ku Mozambique. Anabadwa mu 1944, naphunzira za cuma ca maiko, koma anasiya nchito ya mu ofesi nasanduka mtolankhani wojambula zithunzi. Mu 1986 anafika ku Serra Pelada, kumpoto kwa Brazil, kumene kunapezeka golide. Uwu sunali mgodi monga tiudziwa ife. Linali dzenje lalikulu lapululu, lopanda cikepe, ndipo amuna ngati 50,000 anali kukumba ndi manja, kusenza matumba a dothi pamsana ndi kukwera nawo pa makwerero a mitengo, wina pambuyo pa mnzace ngati linthumbu. Zithunzi zace, zakuda ndi zoyera, zinatuluka m'manyuzipepala a ku London ndi New York, ndipo anthu anazizwa kuti zotere zicitika m'nthawi ya makina. Pa cimodzi muli munthu wamatope thupi lonse atagwira mfuti ya wapolisi, akumyang'ana m'maso.

Ena anamdzudzula kuti amakometsa umphawi ndi zithunzi zokongola. Ine sindibvomerezana nao. Munthu wosenza thumba akajambulidwa bwino, woona cithunzico amaima nayamba kufunsa kuti ameneyu ndani. Akajambulidwa mosasamala, tsamba amangolitembenuza.

Salgado anajambulanso anthu a ku Mozambique mu 1994 pamene anali kubwerera kwao nkhondo itatha. Anamwalira ku Paris mu 2025 ali ndi zaka 81. Dzenje la Serra Pelada lija tsopano linadzala madzi, lasanduka thamanda lalikulu.