Musanafunse Anthu, Yambani Mwafunsa Laibulale

Anzanga, ambiri a ife tikadzapitiriza maphunziro tidzauzidwa kuti tichite kafukufuku. Tiyerekeze kuti mukufuna kudziwa ngati ana a Fomu 4 amadzidalira kapena amadzikayikira. Kodi mungayeze bwanji chinthu chosaoneka ndi maso? Chimanga timayeza pasikelo, koma maganizo a munthu timayeza ndi mafunso. Tsono monga sikelo yonama imabera wogula, mafunso olembedwa mothamanga amanamiza wofufuza.

Nkhani yabwino ndi yakuti akatswiri adakonza kale miyeso yambirimbiri ndi kuiyesa pa anthu. Mwachitsanzo, m'chaka cha 1965 Morris Rosenberg adatulutsa muyeso wa ziganizo 10 woonera mmene munthu amadziwerengera, ndipo ukugwirabe ntchito mpaka lero. Ntchito yathu ndi kudziwa kumene miyeso yotereyi imasungidwa.

Malaibulale akuluakulu ali ndi nkhokwe za pa kompyuta zotchedwa database. Ina ndi Mental Measurements Yearbook, imene Oscar Buros adaiyamba ngati buku mu 1938. Imeneyi sipereka mafunso enieniwo ayi, koma imafotokoza ubwino ndi zofooka za muyeso uliwonse. PsycTests, imene idakhazikitsidwa mu 2011, nthawi zambiri imakhala ndi mafunsowo. Ziwirizi laibulale imachita kulipira. Koma ERIC, ya zamaphunziro, ndi PubMed, ya zaumoyo, aliyense angathe kufufuzamo ulere pa intaneti.

Pofufuza, lembani mutu wanu m'Chingerezi ndipo muphatikizepo mawu monga scale kapena questionnaire. Mukapeza nkhani yogwirizana ndi mutu wanu, werengani gawo limene olemba akufotokoza njira zimene adatsata, chifukwa dzina la muyeso limapezeka pamenepo. Kenaka fufuzaninso dzinalo palokha.

Mukaupeza muyesowo, musafulumire kusangalala. Dzifunseni zinthu zitatu. Choyamba, kodi umayezadi chimene mukufunacho, ndipo ukabwerezedwa umapereka zotsatira zofanana? Chachiwiri, kodi mwini wake amalola kuugwiritsa ntchito? Ina ndi yaulere, ina imagulitsidwa, ndipo kukopera popanda chilolezo ndi kuba. Chachitatu, kodi udayesedwa pa anthu onga anuwo? Funso lomveka bwino ku Nebraska lingathe kusokoneza mayi wa ku Dedza. N'chifukwa chake mafunso 20 a bungwe la WHO otchedwa SRQ-20, ounikira kuvutika maganizo, atamasuliridwa m'Chichewa adayamba ayesedwa pa amayi kuno ku Malawi, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2009. Kumasulira kokha sikukwanira.

Zikakuvutani, pitani kwa woyang'anira laibulale. Ndiye amadziwa nkhokwe zimene sukuluyo ili nazo. Paja akulu adati safunsa adadya phula. Ola limodzi lofufuza bwino lingakupulumutseni ku miyezi yambiri yosonkhanitsa mayankho amene palibe angawakhulupirire.